Bawuti Yokana Kumasuka

"Kiyi wachitsulo sathyoka yekha m'dilowa, bambo a Tisungeni."

Teleza anaika tizidutswa tiwiri tachitsulo patebulo, pambali pa kapu ya tiyi ya mwamuna wake. Fackson sanadzutse mutu. Anapitiriza kupaka majarini pabuledi ngati sanamve.

"Ndikulankhula ndi inu."

"Ndamva. Ndati ndimafuna kukuthandiza. Ndinaona kuti tayala laphwa, ndinatenga kiyiyo kuti ndimasule, ndiye wandithyokera m'manja. Zitsulo za ku Joni n'zachabechabe. Kulakwa kwanga kuli pati?"

"Chibwerere galimoto ija simunagwirepo ngakhale kansanza kopukutira galasi. Lero lokha ndiye mwadzuka ndi mtima wothandiza?"

"Ukufuna kunena chiyani? Nena poyera."

"Ndikuti tayala lija silinabayidwe ndi msomali. Lang'ambika m'mbali, mzere woongoka ngati wolemba ndi rula. Ine ndimasoka mabala tsiku ndi tsiku. Bala la mpeni ndimalidziwa."

Fackson anaika buledi uja m'mbale pang'onopang'ono.

"Tsono ine ndasanduka chigawenga m'nyumba mwanga momwe?"

"Sindinatchule dzina la munthu. Ndangonena zimene maso anga aona."

Panja, pansi pa mtengo wa mapeyala, kagalimoto kofiira kanali katapendekera kumanzere. Amene anabwera nako kuchokera ku Joni ndi Douglas, mchimwene wake wa Teleza. Pobwerera anakasiya m'manja mwa Teleza kuti azinyamulira mayi awo, amene anafa ziwalo mbali imodzi ndipo ankakhala kumudzi ku Khwethemule. Poopa akuba, Douglas anali ataika bawuti imodzi ya loko patayala lililonse. Mutu wa bawuti yotere ndi wozungulira, sipanala wamba imangotererekapo. Imamasuka ndi kachitsulo kake kokha kokhala ndi mano, kamene anthu amangokatcha kiyi. Kachitsulo kameneko ndi kamene kanali patebulo m'mawa wa Lolemba limenelo, kali pawiri.

"Lachinayi adokotala a amayi akubwera kuchipatala cha mishoni," anatero Teleza. "Amabwera kawiri kokha pamwezi, mukudziwa. Mankhwala atsala a masiku ochepa. Ndikawatenga pa chiyani? Kumudzi kuja minibasi sifika, ndipo panjinga sangakhale."

"Adikira Lachinayi linalo."

"Matenda amadikira?"

"Ndipita ndekha ku Limbe Loweruka, ndikafune kiyi wina."

"Ku Limbe kutali kwanji? A Peterson ali pamsika pomwepa. Nditawaimbira foni panopa, dzuwa lisanafike pamutu akhala atachotsa."

Fackson anaseka, koma m'maso mwake munalibe chiseko.

"Ndimadikira kuti ulitchule dzinalo."

"Ndi amakaniko. Tayala likavuta nditchule ndani, abusa?"

"M'Thyolo monse muno makaniko ndi mmodzi yekha? Wokuphunzitsa kuyendetsa, Peterson. Woimba besi kumbuyo kwako kukwaya, Peterson. Wokhala pampando wakutsogolo Lasabata, Peterson. Ine pakhomo pano ndine ndani, mlonda?"

"Pophunzira kuyendetsa paja akazi awo, a Lizzie, ankakhala kumbuyo tsiku lililonse, mwana ali pamiyendo. Inu ndinakuitanani kangati kuti tiphunzire limodzi? Munati simungaphunzitsidwe ndi munthu wolekezera sukulu Fomu 2. Dzulo anakhala kutsogolo chifukwa ndi aatali, ndipo kumbuyo kunali amayi anayi. Mukanapita kutchalitchi, mpandowo ukanakhala wanu."

"Usandilalikire. Ndanena kuti munthu ameneyo asaponde pakhomo pano. Akangogwira galimoto imeneyo, udziwa kuti ndine mwamuna."

"Zaka khumi ndi zisanu ndili nanu, ndiye ndidziwe lero?"

Teleza anatenga chikwama chake ndi ambulera, nauyamba wapansi wa kukiliniki. Yunifomu yake yoyera inaoneka patali pakati pa minda ya tiyi mpaka inakabisika kumtsetse.

Zoona zake Fackson ankazidziwa yekha.

Iye anali kalaliki wa pasikelo pa esiteti, woyeza madengu a anthu othyola tiyi. Teleza anali nesi pakiliniki ya esiteti yomweyo. Nyumba yanjerwa imene ankakhala, ya magetsi ndi mpopi wa madzi pakhomo, inabwera chifukwa cha ntchito ya Teleza. Akalaliki anzake ankakhala kukomboni. Kale zimenezi ankazimeza. Koma chibwerere galimoto, anthu analeka kunena kuti "kwa akalaliki." Tsopano ankati "kwa asisita a galimoto."

Dzulo lake masana anali pabawo kuseri kwa golosale pamene galimoto ija inadutsa, muli anthu akwaya akuimba. Teleza anali pachiwongolero, ndipo chigongono cha Peterson chinali chitatulukira pawindo lakutsogolo.

"Akalaliki," anatero mnzake amene ankasewera naye, "mpando wanu uja mwabwereketsa?"

Anthu onse anaseka. Nayenso anaseka, koma njere za bawo zinamutayika m'manja. Mawuwo anagona nawo, anadzuka nawo. M'mawa, Teleza ali kubafa, anatenga mpeni wodulira tiyi n'kuulowetsa m'mbali mwa tayala. Kenako anatenga kiyi uja m'dilowa, anamuika pamwala kuseri kwa khitchini, n'kumumenya katatu ndi kumbuyo kwa nkhwangwa. Kiyi atagawika, mumtima mwake munazizira bwino ngati wamwa madzi a pachitsime. Sanaganizepo za apongozi ake.

Lachinayi linadutsa galimoto ili chipendekere pansi pa mapeyala.

Loweruka Fackson anapitadi ku Limbe. Analowa m'sitolo imodzi yokha ya zipangizo za galimoto. Wogulitsa anatembenuza tizidutswa tija m'manja, napukusa mutu.

"Izi sitisunga, achimwene. Kiyi aliyense amapangidwira mabawuti ake. Koma musavutike mtima. Makaniko wodziwa ntchito amangokhomerapo soketi yocheperako, n'kupotokola ndi paipi. Ikakana amawotchererapo nati. Sizitenga nthawi. Kwanu kulibe makaniko?"

"Kulibe," anatero Fackson.

Anadya tchipisi padepoti, anakhala akuonerera mabasi mpaka dzuwa litapendeka, ndipo atafika kunyumba anadziponya pampando ngati munthu wotopa kwambiri.

"Ndayenda masitolo onse mpaka ku Blantyre. Akuti kiyi wotere mpaka achokere ku Joni. Akutinso wina akayesa kukhoma aphwanya wilo yonse. Ulembere Douglas."

Teleza anamuyang'ana nthawi yaitali, koma sanayankhe. Masiku amenewo anali atayamba kusunga mawu. Kusayankhako nakonso kunkamudya Fackson. Ankati akamva foni ya Teleza ikulira, khutu lake linali kale pachitseko. Akamuona akusita yunifomu mosamala, ankadzifunsa kuti akusitira ndani. Tsiku lina anatenga foniyo Teleza ali panja, n'kuyang'ana manambala onse. Dzina la Peterson sanalipeze. M'malo momasuka mtima, anaganiza kuti mkaziyo wachenjera, wayamba kufufuta.

Sabata ina inatha. Lolemba lotsatira, chakumadzulo, kunabwera a Amosi, atsibweni ake a Teleza, atakwera njinga, matope mpaka m'mawondo. Anakana madzi osamba. Anakhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Mlongo wanga sali bwino," anatero. "Mankhwala anatha sabata yatha. Mapazi atupa, ndipo kuyambira Lachisanu akamalankhula sitikumva bwino. Dzulo anandiitana ndi dzina la malemu bambo athu. Teleza, mwana wanga, tinkayembekezera iwe Lachinayi lija. Tinawasambitsa m'mawa, tinawaveka, anakhala pampando panja mpaka mvula inayamba."

Teleza anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Galimoto inawonongeka, atsibweni," anatero Fackson. "Tikuyesetsa."

A Amosi anadzuka, anapita pansi pa mapeyala, anazungulira galimoto ija kawiri. Anawerama n'kugwira pamene tayala linang'ambika, nayendetsa chala pamzere wonsewo. Anabwerera pakhonde osafulumira.

"Akamwini, ine ndine mlimi wa nthochi, za galimoto sindidziwa. Koma ndaona matayala atatu abwino, ndipo akuti lina lili kumbuyoko. Ndiye chimene chikugoneka mlongo wanga pamphasa ndi bawuti imodzi?"

"Si bawuti wamba, atsibweni. Ndi ya loko. Mpaka kiyi achokere ku Joni."

"Pamsika pano amamasula mathirakitala. Alephere kabawuti?"

"Amakaniko a pano ndi owononga."

"Onse?"

Fackson anayang'ana pansi.

"Chabwino," anatero a Amosi, akuvala chipewa. "Za m'nyumba mwanu sindilowerera ndisanaitanidwe. Koma Lachinayi tidzawasambitsanso, tidzawaveka, tidzawakhazika panja. Akapanda kubwera munthu, tidzawanyamula pamachira mpaka kumishoni, ndipo aliyense wofunsa panjira tidzamuuza kuti mwana wawo ali ndi galimoto."

Lachitatu m'mawa Teleza anaima pakhomo la chipinda, Fackson akumanga zingwe za nsapato.

"Bambo a Tisungeni, sindikufuna kuchita chinthu mobisa. Lero masana, nthawi yanga yopuma, ndaitana a Peterson kuti adzachotse tayala lija. Mawa ndikukatenga amayi."

"Wawaitana kale?"

"Ndinatuma uthenga kwa akazi awo. Pemphani kwa akapitawo mubwere, mudzaime pomwepo, muone ndi maso anu. Mukafuna ine ndidzakhala m'nyumba, inu ndiye muzidzawapatsira masipanala."

"Ine ndikhale wopatsira masipanala chibwenzi cha mkazi wanga?"

"Mulungu akukumvani."

"Ndakuuza kale. Akaponda pano, zimene zichitike usadzandifunse."

"Pano ndi pabwalo, masana, anthu akuona. Amayi anga sangafe chifukwa cha zimene zili m'mutu mwanu."

Fackson anatuluka osadya.

Tsiku limenelo kunacha ndi dzuwa, mvula itagwa usiku wonse, ndipo tiyi anali wambiri. Pofika masana mzere wa othyola unali utatalika kuchoka pashedi ya sikelo mpaka kumsewu. Fackson ankapachika dengu, kuwerenga, kulemba, koma maso ake ankangothamangira kuphiri kumene kunali nyumba za manesi. Kawiri konse analemba pamzere wa munthu wolakwika.

Mayi wina wolongolola, amene ankathyola kumunda wa pafupi ndi nyumbazo, anatula dengu lake akumwetulira.

"Akalaliki, kwanu kukumveka hamala. Mwayamba kumanga?"

Amayi a kumbuyo kwake anaseka chamumtima, ena anabisa pakamwa ndi manja. Mwina sankatanthauza kanthu. Fackson anaika cholembera pabuku, anasiya dengu likulendewera pasikelo, n'kudumpha ngalande. Kapitawo anamuitana kawiri, iye osacheuka. Anadutsa pakati pa mizere ya tiyi, nthambi zikumukwapula m'ntchafu, thalauza lonse litanyowa.

Atafika sanalowe pabwalo. Anaima kuseri kwa mpanda wa maluwa, akupuma mwawefuwefu, n'kumasuzumira.

Peterson anali atagwada pathumba patsogolo pa tayala lija, atavala ovolosi yake yakuda ndi mafuta. Teleza anaima chapatali, pafupi ndi khonde, manja atapinda pachifuwa. Pakhonde la nyumba yoyandikana nayo panali amayi awiri akusenda chinangwa, akuonerera.

"Soketi yoyamba ija yaterereka," Peterson ankafotokoza. "Iyi ndi yocheperako pang'ono. Siilowa mwaulemu, mpaka tiikakamize kuti ilume mutu wa bawutiyo. Soketiyo iwonongeka, koma palibe kuchitira mwina."

Anaika soketi pamutu wa bawuti, naimenya ndi hamala. Anamenya kasanu ndi kamodzi, kenako anaigwedeza ndi dzanja. Sinasunthe. Analowetsa chogwirira, navekapo paipi yaitali ngati mpini wa khasu. Anakanikiza ndi manja, osatheka. Anaimirira, anagwira denga la galimoto, naponda paipiyo ndi phazi limodzi, kenako ndi thupi lonse.

Panamveka kulira kwa chitsulo, kuti kwee, ndipo paipi inatsika mpaka pansi.

"Yavomera!" anafuula Peterson.

Teleza anaomba m'manja, naseka. Anaseka kwambiri, mutu atauponya kumbuyo, misozi ikulengeza. Amayi a chinangwa aja analuluta. Fackson anagwira nthambi ya mpanda mpaka minga inamulowa m'manja. Kuseka kumeneko ankakudziwa. Ndi kumene kunamukopa tsiku loyamba, pamene anapita kukiliniki ndi bala la pachala. M'nyumba mwake anali asanakumve kwa miyezi yambiri, ndipo lero kunatuluka chifukwa cha mwamuna wina.

Peterson anamasula mabawuti enawo, anaika jeke, anakweza galimoto n'kuchotsa tayala long'ambika lija. Nthaka inali yofewa ndi mvula, ndipo jeke inayamba kumira mbali imodzi. Anagwada, nalowetsa dzanja lamanja pansi pa chitsulo chozungulira cha mabuleki kuti asalaze dothi poti aikepo njerwa.

Apa m'pamene Fackson anatulukira.

"Ndinati chiyani m'mawa?"

Teleza anatembenuka, kuseka kuja kunazimiririka.

"Bambo a Tisungeni, mwabwera bwino. Onani, yatheka."

Peterson anacheuka ali chigwadire, nkhope ili thukuta lokhalokha, akumwetulira.

"Akulu, mwafika nthawi yabwino. Tandipatsirani njerwa iyo ili pafupi ndi phazi lanu, jekeyi sindikuikhulupirira."

Akanakhala kuti anachita mantha, kapena kuthawa, mwina Fackson akanangotukwana. Koma munthuyo anamutuma, pabwalo pake, pamaso pa mkazi wake ndi amayi a chinangwa, ndi mawu aulemu ngati palibe chilichonse.

"Ukundituma ine? Pakhomo panga?"

Anamuponda ndi nsapato pakati pa msana. Peterson anagwera kutsogolo, phewa lake linagunda jeke, ndipo galimoto inatsika kamodzi n'kamodzi.

Kukuwa kumene kunamveka Fackson anali asanakumvepo kwa munthu wamkulu.

"Mayo! Dzanja langa! Dzanja langa!"

Teleza anali kale pansi, atagwira mkono wa Peterson.

"Nyamulani!" anakuwa. "Musangoima! Nyamulani galimoto!"

Fackson anangoti kakasi. Amayi aja anataya chinangwa n'kuthamanga, mlonda wa kukiliniki anabwera, anabweranso amuna awiri amene ankalambula msewu. Teleza anamuyang'ana mwamuna wake m'maso.

"Fackson! Gwira apo!"

Chikwatirane anali asanamutchulepo dzina pagulu. Anagwira. Onse pamodzi anakweza, ndipo Teleza anasolola dzanja lija. Mayi mmodzi ataliona anatembenuka n'kusanza. Teleza anavula lamba wa yunifomu yake n'kumanga mkonowo, anakulunga dzanjalo ndi chitenje, akulankhula ndi Peterson motsitsa mawu kuti asakomoke. Thirakitala yonyamula tiyi imene inkadutsa inaimitsidwa. Anamugoneka pamwamba pa matumba a masamba, Teleza atamukweza mkono m'mwamba, yunifomu yonse ili magazi.

Thirakitala itachoka, Fackson anatsala pabwalo ndi anthu amene sankamulankhula. Apolisi anamupeza atakhala pathumba lomwe lija, madzulo asanafike.

Anagona m'chitokosi masiku atatu. Mkulu wake, a Malizani, ndi amene anadzamutulutsa pa belo, ndipo ali m'njira anamuuza zonse. Peterson anadulidwa zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, ndipo chala chachikulu madokotala anali asanadziwe ngati chidzagwirenso. Apongozi ake anawanyamuladi pamachira Lachinayi, amuna anayi akusinthana, ndipo anawagoneka m'chipatala chomwecho cha mishoni. Tayala la sipeya anadzaika ndi dalaivala wa thirakitala uja.

Lamulungu ankhoswe anakumana pakhonde la nyumba ija. Kuchikazi kunali a Amosi, kuchimuna a Malizani. Teleza anakhala pamkeka, maso ali kuminda. Asanayambe n'komwe, kunatulukira Lizzie, mkazi wa Peterson, mwana ali kumsana. Sanapereke moni ndipo anakana mpando.

"Sindikhalitsa. Ndangobwera kuti ndimuone munthu amene akuti amuna anga ndi chibwenzi cha akazi ake. Ndinu? Uthenga wa asisita unafikira kwa ine. Amuna anga anakana, anati pakhomo paja pali mawu. Ndinawakakamiza ndine. Ndinati pitani, mayi wodwala alibe mlandu. Ndinawanyamulira ndekha chikwama cha masipanala mpaka pamsewu." Anakonza mbereko ya mwana kumsana. "Dzulo amayesa kumanga batani la malaya, analephera, analira ngati mwana. Munthu amene amamasula injini yonse yekha. Tikaonana kukhoti."

Anatembenuka n'kumapita.

"Akamwini," anayamba a Amosi, "ine ndili ndi mafunso awiri okha. Tayala lija anang'amba ndani?"

Fackson anayang'ana mkulu wake. A Malizani anayang'ana kumbali.

"Ndine."

"Kiyi?"

"Ndine."

"Limenelo linali funso limodzi. Lachiwiri ndi ili. Pamene munafika pabwalo pano Lachitatu, munawapeza akuchita chiyani? Nenani zonse, musaope. Ngati mwana wathu analakwa, tikufuna timve."

Fackson anatsegula pakamwa. Anafufuza m'mutu mwake zonse zimene anakhala akusonkhanitsa miyezi yonseyi, mpando wakutsogolo, kwaya, yunifomu yosita, foni. Palibe chimene chikanatha kunenedwa pamaso pa anthu.

"Amaseka," anatero.

"Ndani?"

"Mayi a Tisungeni. Amaseka."

"Basi?"

"Basi."

A Malizani anagwira kumutu ndi manja onse awiri.

A Amosi anatembenukira kwa Teleza. "Mwana wanga, mawu ako."

"Ndilibe ambiri, atsibweni. Ndikanakhala ine pansi pa galimoto paja, bwenzi lero mukukamba za maliro. Tisungeni akabwera kutchuthi ndidzamufotokozera ndekha. Bambo ake akafuna kumuona, adzamuona. Koma m'nyumba muno ayi. Ndikuopa."

Tsiku lomwelo Fackson anatuluka ndi sutikesi ndi bulangeti, mkulu wake atamunyamulira wailesi. Anakapeza kachipinda kukomboni, kogawana khonde ndi mabanja atatu. Ntchito sanamuchotse, anangomupatsa kalata yomuchenjeza, podikira zimene khoti lidzanene. Pasikelo panalibenso womuseka. Amayi ankapachika madengu awo mwakachetechete, ndipo ena ankabweza dzanja msanga kuti lisakhudzane ndi lake.

Patatha masabata awiri anaganiza zokapepesa. Mawu anawakonza kwa masiku atatu. Adzanena kuti analakwa, kuti zinamulowa ngati matenda, kuti ndi wokonzeka kupita kwa abusa, kwa Peterson, kulikonse. Anavala malaya oyera, nadzera kukiliniki m'mawa asanapite kusikelo.

Pabenchi yapanja panali odwala ochepa. Kumapeto kwake kunakhala Lizzie, atanyamula jekete la mwamuna wake. Lizzie atamuona anayang'ana kwina. Fackson anazungulira kumbali kwa nyumbayo, pamene panali windo la chipinda chotsukira mabala, ndipo anaima.

Peterson anali atakhala pampando, ataonda, ndevu zitamera. Kuchipatala cha mishoni anamutulutsa, namuuza kuti azikatsukitsa bala tsiku lililonse pakiliniki yapafupi. Pakiliniki yapafupi nesi wa mabala anali mmodzi.

Teleza anakhala moyang'anana naye, mawondo awo atatsala pang'ono kugundana. Dzanja lija linali pachikhatho chake. Ankamasula bandeji pang'onopang'ono, akunyowetsa pamene yamatirira. Peterson anatsinzina, nakukuta mano.

"Pepani, pepani, yatsala pang'ono," ankatero Teleza. "Tsopano yesani kugwedeza chachikuluchi. Kachiwirinso. Mwaona? Dzulo sichinafike apa."

Anapukuta bala, anapaka mankhwala, kenako anayamba kusisita chala chachikulu chija ndi zala zake, kuchokera kumunsi mpaka kunsonga, mobwerezabwereza. Nsanje ija inamugwiranso Fackson, chimodzimodzi ngati kuseri kwa mpanda wa maluwa.

Teleza atatuluka kukataya madzi a m'beseni, anamupeza ataima pakona.

"Mukudwala?" anafunsa.

"Ayi."

"Nanga?"

Mawu onse amene anakonza aja anali pomwepo, pakamwa. Koma amene anatuluka anali ena.

"Kodi palibe nesi wina woti azimutsuka?"

Teleza anamuyang'ana. Sanakwiye. Anathira madzi aja m'ngalande, nagwedeza beseni kuti lidonthe.

"Zaka zonsezi ine dzanja la bambo amenewa sindinaligwirepo, ngakhale pa moni wa kutchalitchi, chifukwa ndinkadziwa mtima wanu. Lero ndimaligwira m'mawa uliwonse, ndipo adokotala akuti ndiligwira mpaka mwezi wa mawa uthe. Mwandipatsa ndinu, bambo a Tisungeni."

Analowa. Patapita kanthawi dzanja lake linaoneka pawindo, likukoka katani.

Kumunsi, kushedi, kapitawo anayamba kumenya chitsulo choitanira anthu kusikelo. Fackson anaimabe pomwepo, akuyang'ana nsalu yobiriwira ija, kuyesa kumva zimene zinkalankhulidwa mkatimo.